Tsiku limene ndinaphwetsa matayala dala

Mchenga wa kwathu ndinaudziwa ndi mapazi ndisanaudziwe ndi galimoto. Ukachoka ku Salima ndi msewu wa M5 kulowera ku Nkhotakota, n'kudutsa Khombedza ndi Benga, pali tinjira tambiri topatukira kudzanja lamanja, kutsikira kunyanja. Kamodzi mwa tinjirato ndi kakwathu. Poyamba umayenda pa dothi lolimba, kenako minda ya chinangwa imayamba, nthaka n'kuyera, ndipo ukangomva fungo la usipa wa pathandala, dziwa kuti walowa mumchenga weniweni, uja woti mwezi wa Okutobala umawotcha ngati phulusa la pamoto, njinga n'kuchita kuikankha.

Chaka chatha ndinagula galimoto yanga yoyamba ya 4x4, Toyota Hilux yakale ya dizilo. Cholinga chinali chimodzi: ndizifika pakhomo pa mayi ndi katundu, osati kumusiya pamsewu waukulu n'kumasaka ngolo. Tsiku logula, titatsegula boneti, ndinaona kamota kakuda komangidwa ndi mabawuti awiri pafupi ndi injini, ndipo kuseri kwa mpando kunali paipi yaitali yopindidwa. Wogulitsayo anati, "Imeneyo ndi kompuresa, yopopera matayala. Nthawi zina imagwira." Mawu oti "nthawi zina" ndinawamva, koma sindinawalabadire. Kwa ine kompuresa inali chinthu cha tsiku la tsoka, tayala likaponcha, ndipo tayala lapadera ndinali nalo kale. Ndinatseka boneti n'kuiwalako.

Ulendo woyamba wa kumudzi ndinanyamula matumba 6 a simenti, malata ochepa, ndi amalume. Iwo anayendetsa galimoto za boma zaka zoposa 30, malole ndi ma Land Rover, mpaka kupuma. Njira yonse sanandiuze kayendetsedwe. Ankangocheza za mitengo ya mpunga ndi za anzawo amene anatsogola. Titalowa mumchenga ndinaika galimoto mu 4x4, ndikudzimva kuti ndakonzeka. Inayenda pang'ono, n'kuyamba kulemera ngati wina akuikoka kumbuyo. Ndinaponda moto. Injini inalira, mchenga unauluka mbali zonse, galimoto inatsika pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi ndi mimba.

"Zimitsa kaye, mphwanga," anatero amalume. "Ukungodzikumbira dzenje."

Anatuluka, anazungulira galimoto, anatola kamtengo kouma pansi. Kenako anagwada pa tayala lakutsogolo, anamasula kachivundikiro ka valavu n'kubaya kamtengo kaja. Tayala linayamba kulira, tsiiii.

"Amalume, mukuphwetsa tayala?"

"Eya. Onse anayi. Bweretsa geji."

Mtima unandigunda. Chiyambire kuyendetsa galimoto ndinkadziwa lamulo limodzi la matayala, loti azikhala olimba. Tayala lophwa ndi vuto, ndi manyazi, ndi ndalama. Apa munthu wamkulu, wodziwa ntchito, ankatulutsa dala mpweya umene ndinaupopetsa mmawa womwewo ku Lilongwe, tili pakati pa mchenga, kutali ndi aliyense wokonza matayala. Geji inkawerenga 2.4 bar poyamba. Anatsitsa mpaka 1.2, tayala lililonse, modekha, akuyeza n'kubwerezanso. Matayala anatulutsa mimba m'mbali. Tinafukula mchenga ndi manja kutsogolo kwa tayala lililonse, kuti pakhale kotsetsereka. Kenako anati, "Lowa. Ika giya yaing'ono ija, yachiwiri. Usaponde moto ngati ukuthawa. Ingoisiya iziyenda yokha."

Zimene zinachitika pamenepo ndimazikumbukira ndi thupi lonse. Galimoto sinalumphe, sinalimbane. Inangodzuka, monga imadzukira ng'ombe imene inagona pamthunzi, n'kuyamba kuyenda pamwamba pa mchenga womwe uja unaimeza. Chiwongolero chinapepuka. Injini inatsitsa mawu. Makilomita otsalawo tinayenda ngati tili m'bwato panyanja yabata, simenti ili kumbuyo, malata osalira n'komwe. Ndinayang'ana pagalasi n'kuona mizere iwiri yosalala, yosazama, ngati podutsa njoka yaikulu. Palibe chimene tinawonjezera pagalimotoyo. Tinangochotsa mpweya, chinthu chosaoneka, chosagulidwa, ndipo inasanduka galimoto ina.

Usiku umenewo, titadya kondowole ndi chambo, ndinawapanikiza amalume ndi mafunso mpaka mayi anatiuza kuti tikagone. Iwo anafotokoza mwachidule: "Waonapo mayi wovala gogoda akuyenda kunyanja? Nanga wovala patapata?" Zotsalazo ndinadzaziwerengera ndekha pambuyo pake, ndipo masamu ake anandisangalatsa ngati mwana amene wangodziwa kuwerenga. Chimene chimasenza galimoto ndi mpweya. Labala ndi thumba lousungira. Hilux ikanyamula katundu imapitirira matani 2, ndiye kuti tayala lililonse limasenza makilogalamu 500 kapena kuposerapo. Bar imodzi ndi mphamvu yofanana ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ikukanikiza kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Tayala la 2.4 bar, kuti lisenze makilogalamu 500, limangofuna timalo totere pafupifupi 200, kukula kwake ngati dzanja la munthu wamkulu ataliyala pansi. Galimoto yonseyo, ndi simenti yomwe, imaima pa manja anayi basi. Ukachotsa theka la mpweya, tayala limakakamizika kugona pansi malo okulirapo kwambiri kuti lisenze katundu yemweyo. Maso amaona mimba ya m'mbali, koma phindu lenileni lili m'litali: phazi la tayala limatalika kutsogolo ndi kumbuyo. Tayala lolimba limaunjika kachulu ka mchenga kutsogolo kwake, n'kumalimbana kukakwera kosalekeza. Lofewa limakapondereza n'kudutsa.

Chisangalalo changa chinatha mawa lake cha m'ma 10 koloko, pamene tinatulukira pa tala.

Matayala ofewa sayenda pa tala mothamanga. M'mbali mwa tayala mumapindika n'kuwongoka pa kuzungulira kulikonse, labala limatentha mkati, ndipo mapeto ake nsalu ndi mawaya a m'tayala zimalekana, tayala n'kuphulika uli pa liwiro. Ukakhota mwamphamvu likhozanso kuvuka pa rimu. Choncho tinaima pambali, ndinatulutsa paipi ija monyadira, n'kuyatsa kompuresa kwa nthawi yoyamba. Inalira mokweza ngati chigayo chaching'ono. Tayala loyamba linatenga mphindi 12. Lachiwiri lili pakati, kulira kunasintha, kunayamba kukoka, kenako zii. Ndinaikhudza n'kuchotsa dzanja msangamsanga, inali moto. Tinadikira izizire. Inagwiranso mphindi zitatu, fyuzi n'kupsa. Ndinaika ina, inapsanso.

Anatipulumutsa ndi mnyamata wokonza njinga zamoto pa kamsika kapafupi. Valavu ya njinga yamoto ndi ya galimoto n'chimodzimodzi, ija ya kampani ya August Schrader ya ku New York, imene inalembetsedwa m'chaka cha 1893 ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni, ndiye pampu yake yamanja inakwanira. Tinkapokezana atatu, ine, iye ndi mnzake, dzuwa lili paliwombo. Pa tayala limodzi tinkawerenga kupitirira 200 geji isanafike pofunika. Amalume anakhala pamthunzi wa mango osanena kanthu. Titanyamuka, patapita maola awiri, ndi pamene anati, "Mphwanga, wopanda nkhafi yodalirika sapita pakati pa nyanja. Dzulo ndinaphwetsa chifukwa unandiuza kuti pampu ilipo."

Mawu amenewo ndi amene anandisintha maganizo. Ndinazindikira kuti kompuresa si ya tsiku la tsoka monga ndinkaganizira. Ntchito yake yaikulu ndi kukupatsa mtima woti uphwetse. Munthu amene sakukhulupirira pampu yake amalowa mumchenga ndi matayala olimba, akudziwa bwino lomwe kuti atitimira, chifukwa akuopa za kutsogolo. Amawotcha kilatchi, amatha mafuta, amakumba njira ya anthu n'kuisiya ndi maenje oti wanjinga adzavutike nawo mwezi wonse. Ndinali nditalawa kale ubwino wa tayala lofewa, ndipo sindinafune kuti kamota kakale kandilande zimenezo.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinayamba kuwerenga, usiku uliwonse, ndipo ndinapeza kuti nzeru ya amalume ili ndi mbiri yake yaitali. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, msilikali wa ku Britain dzina lake Ralph Bagnold ankadutsa chipululu cha pakati pa Egypt ndi Libya pa galimoto wamba za Ford, kumalo kumene anthu ankati kumayenda ngamila zokha. China mwa zimene zinkamuthandiza kukwera mapiri a mchenga chinali chomwechi, kutsitsa mpweya m'matayala. Mchengawo anaukonda mpaka kuulembera buku la sayansi m'chaka cha 1941, ndipo lero milu ina ya mchenga pa Mars imatchedwa dzina lake. Mu 1942 asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito lole yotchedwa DUKW, yoyenda pamadzi ndi pamtunda pomwe, ndipo m'kupita kwa nthawi anaipangira njira yoti dalaivala azitsitsa kapena kukweza mpweya wa m'matayala ali pampando, kuti ikatuluka m'nyanja isatitimire pagombe. Amalume sanawerengepo za Bagnold. Anaphunzira kwa madalaivala akale, amenenso anaphunzira kwa ena, m'njira za ku Nsanje ndi ku Karonga. Zinandikhudza mtima kuona kuti nzeru imodzi inayenda mitunda yonseyo n'kudzafika pa kamtengo kouma m'manja mwa mkulu wa kwathu.

Kompuresa yakale ndinapita nayo ku Biwi, kwa bambo wina wokonza za magetsi a galimoto. Sindinafune kungoitaya osadziwa chimene chinaipha. Anaimasula pa benchi n'kundiitana.

"Taonani, achimwene. Imeneyi sinafe yokha, anachita kuipha."

Mkati mwake munali zinthu zochepa modabwitsa: mota, kachitsulo kozungulira kokankha pisitoni, pisitoniyo yaing'ono ngati chivundikiro cha botolo, ndi timalata tiwiri topyapyala pamwamba, kamodzi kolowetsa mpweya, kena kotulutsa. M'mphepete mwa pisitoni munali kamphete kotseka mpweya, ndipo kameneka kanali katadyeka mbali imodzi. M'khoma la silinda munali mikwingwirima. Sefa panalibe, ndiye kwa zaka zambiri inkameza fumbi la m'misewu yathu, fumbi n'kumapala mkati ngati sandipepala. Theka la mpweya umene inkakankha linkathawira m'mbali, n'chifukwa chake inkalira kwambiri koma tayala osakwera.

Anandionetsanso zina ziwiri. Amene anaimanga anaiika pafupi ndi paipi ya utsi, pamalo otentha kwambiri m'boneti monse. Mpweya ukamapanikizidwa umatentha wokha. Aliyense amene anapopapo njinga amadziwa mmene pampu imafundira kumunsi. Kompuresa imachita zomwezo kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo mutu wake umatha kuwotcha khungu. Ikayamba ntchito ili yotentha kale ndi injini, sichedwa kufika pokomoka. Chachiwiri chinali waya. Anaulumikiza ku mzere wa poyatsira fodya, umene fyuzi yake kawirikawiri imakhala ya ma amp 10 kapena 15, ndipo wayawo unali woonda ngati wa wailesi. "Mota ikamasowa magetsi imakoka mokakamiza," anatero bamboyo. "Waya umatentha, mota imatentha, fyuzi imapsa. Munthu amaika fyuzi yaikulu kuti isapsenso, mawa galimoto yonse yapsa."

Ndinawafunsa ngati ingakonzeke. Anati akhoza kuyesa, koma silinda yokandika siibwerera, ndipo sangandilonjeze kuti idzapopa matayala anayi motsatizana. Ndinawathokoza chifukwa chonena zoona. Ena akanangolandira ndalama.

Kusankha yatsopano kunanditengera milungu itatu, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri timapusitsidwa. M'masitolo muli timakompuresa totchipa tolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti 250 PSI kapena 300 PSI. Nambala imeneyo ilibe ntchito kwa mwini galimoto. Bar imodzi ndi ma PSI 14.5, ndiye tayala la Hilux limangofuna ma PSI 30 mpaka 40. Chofunika ndi kuchuluka kwa mpweya umene kompuresa imakankha pa mphindi imodzi, ndipo ngakhale pamenepo uyenera kufunsa kuti malita alembedwawo anayezedwa paipi ili pululu kapena ikulimbana ndi tayala la 2 bar, pakuti nambala ziwirizi zimasiyana, ndipo pabokosi amakonda kulemba yokomayo. Mwa kuwerengera kwanga, tayala limodzi la galimoto yanga lili ndi malo a ndowa pafupifupi zitatu za malita 20. Kuti onse anayi achoke pa 1.2 kufika pa 2.4 bar, pamafunika mpweya woposa diramu yathunthu ya malita 200, wodutsa pa kabowo ka valavu kochepa ngati ka singano ya chipatala. Nditaona chithunzi chimenecho m'maganizo, ndinasiya kukwiyira kamota kakale kaja. Kanapatsidwa ntchito yoposa msinkhu wake.

Nambala ina yofunika ndi ya kupuma, imene opanga amaitcha duty cycle: kompuresa ingagwire nthawi yaitali bwanji isanafune kuzizira. Zotchipa zambiri zimafuna kupuma zikangogwira mphindi 10 kapena 15. Kwa tayala limodzi la galimoto yaing'ono m'tauni zimakwanira. Kwa matayala anayi aakulu, masana a Okutobala ku Nkhotakota, sizikwanira.

Ndinasankha ya kampani ya ARB, ya ku Melbourne ku Australia, imene inayambidwa mu 1975 ndi Tony Brown, munthu amene anaona mmene misewu ya kumpoto kwa dziko lawo inkathyolera zitsulo za galimoto n'kuyamba kuwotcherera zolimba m'galaja ya kwawo. Alipo makampani ena opanga zabwino, monga Viair ya ku America, ndipo sindikunena kuti aliyense agule yomwe ndinagula ine. Ndinaikonda chifukwa imamasulika, zipangizo zake zimagulitsidwa pazokha, ndipo sefa yake ndi yamkuwa, yotsukika. Ali nayo ina ya mamota awiri yogwira osapuma, koma imadya magetsi ambiri ndi ndalama zambiri, ndipo ine sindiyendetsa gulu la galimoto. Ya mota imodzi inandikwanira. Anandigulira msuweni wanga amene amakhala ku Johannesburg, inabwera pa basi pamodzi ndi mabulangete a azakhali. Mtengo wake unaposa wa tayala latsopano, ndipo mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali ndisanamalize kufotokoza. Anavomera atamva za maola awiri aja a padzuwa.

Kumanga kunatenga Loweruka lathunthu, kwa bambo omwe aja a ku Biwi, ine ndili pambali kuwapatsira masipanala. Sindinaganizepo kuti ndingasangalale chonchi ndi mawaya. Tinaiika kuseri kwa mpando wakumbuyo, kozizira, kopanda fumbi ndi madzi. Waya wonenepa ngati pensulo unachoka ku batire mwachindunji, ndipo fyuzi ya ma amp 40 anaiika pafupi penipeni ndi batirelo. Ndinafunsa chifukwa chake sanaiike pafupi ndi kompuresa, pofikika mosavuta. Anati, "Fyuzi imateteza waya, achimwene. Waya ukakhudza chitsulo pakati panjira, fyuzi ili kumapeto, ndani azimitse motowo?" Paliponse pamene waya unkaboola chitsulo anaikapo kalabala kuti usadyeke. Switchi ya padeshibodi sinyamula magetsi aakuluwo. Imangodzutsa relay, relay n'kutsegulira mota. Palinso kaswitchi kena kamene kamamva mpweya: paipi ikadzaza mota imaima yokha, ukalumikiza ku tayala imayambanso. Pomaliza anapaka madzi a sopo polumikizira paliponse n'kuyang'anitsitsa ngati patuluke thovu. Panatuluka pamalo amodzi, anamasula, anakulunga tepi, anamanganso.

Kenako tinaiyesa, ndipo ndinaumirira kuti tiiyese mmene ndidzaigwiritsire ntchito. Tinaphwetsa onse anayi mpaka 1.2. Tinaliza injini, chifukwa injini ikamayenda magetsi amakwera kufika cha m'ma volt 14, mota imapeza mphamvu, batire silitha. Ndinayang'ana wotchi. Tayala loyamba, mphindi ziwiri ndi theka. Lachinayi, chimodzimodzi. Kulira kwake sikunasinthe kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu amodzi okhazikika, ngati munthu amene akudziwa kuti ntchitoyi aimaliza. Ndinaima pamenepo paipi ili m'manja, ndikumwetulira, anyamata a pagalaja akundiyang'ana.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumva msewu mwa njira ina. Mwezi wa Julayi tinapita ku Nyika, ine ndi banja, malo amene ndinkangowamva kuyambira ku pulayimale. Ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo njira yake yochokera ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pa chipata cha Thazima, kenako kukwera ku Chelinda, ndi ya miyala ndi timizere tija togwedeza mano. Kumeneko sikufuna kuphwetsa kwambiri ngati mumchenga. Ndinatsitsa kufika pa 1.8 n'kuchepetsa liwiro. Kugwedezeka kunachepa mpaka ana anagona. Tayala lofewerapo limakumbatira mwala m'malo molimbana nawo, ndipo galimoto imasiya kudumphadumpha pokhota. Chimene uyenera kusamala ndi m'mbali mwa tayala, pakuti mimba ija ikatuluka, mwala wakuthwa umaipeza mosavuta, ndipo m'mbali simumatika.

Pamwamba pa Nyika, mbidzi ndi ntchefu zikudya m'mapiri opanda mitengo aja, mmawa wozizira woti mpweya wa m'kamwa ukuoneka, ndinapeza tayala lakumbuyo litagona. Unali msomali. Ndinauzula, ndinatseka bowolo ndi kachingwe komata ka matayala opanda chubu, n'kulumikiza paipi. Linatenga nthawi yotalikirapo kusiyana ndi ku Biwi, ndipo poyamba ndinada nkhawa kuti kompuresa yayamba matenda. Kenako ndinakumbukira kumene ndinali. Chelinda ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, kumene mpweya ndi wopepuka, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a umene uli m'mphepete mwa nyanja yamchere. Pisitoni ikakoka kamodzi imapeza wochepa. Makinawo ankapuma movutikira monga ndinkapumira ine pokwera kaphiri ka kuseri kwa msasa. Tinapitiriza ulendo tayala lapadera lisanatsike n'komwe.

Pali zina zimene ndaphunzira mochedwa, zoti ndikanakonda wina akanandiuza poyamba. Geji ya pa kompuresa imanama mota ikamayenda, uyenera kuimitsa kaye kapena kuyeza ndi geji yapadera. Tayala lotentha ndi ulendo limawerenga mokwera kuposa lozizira, ndiye nambala yolembedwa pa chitseko cha dalaivala ndi ya mmawa galimoto isanayende. Galimoto ikalemedwa usatsitse kwambiri ngati ili yopanda katundu, ndipo pansi pa 1 bar ine sindifikako pokhapokha nditatitimira kale, n'kukwezanso ndikangotuluka. Paipi ya pafupi ndi mota usaigwire ukangomaliza. Ndipo tizivundikiro ta mavalavu uziika m'thumba, osati pansi, chifukwa mchenga sukubwezera.

Chimene sindinachiyembekezere n'komwe ndi ntchito imene kompuresayi yapeza kumudzi. Ulendo wachiwiri, ndikukonzekera kubwerera, kunabwera bambo wina ndi ngolo ya ng'ombe, tayala limodzi litaphwa kwa mlungu wathunthu, mpunga ukudikira kudimba. Mphindi zitatu zinakwana. Anatsatira wa wilibala, kenako wa njinga yamoto. Ana anabwera ndi mpira umene unagona pakona chiyambire Khirisimasi, ndipo mwamwayi m'bokosi munali kasingano kake. Tsopano ndikafika, mayi amauza anthu kuti abwere mmawa ndisananyamuke, ndipo ndimadzuka n'kupeza kamzere pansi pa mtengo wa mango. Ku tauni mpweya timauona ngati chinthu chaulere cha pomwetsera mafuta, ngakhale kumenekonso magetsi akazima kapena makina akafa umauzidwa kuti mpweya palibe. Kumudzi ndi ulendo wa tsiku lonse, tayala lili pamutu kapena pa kaliyala ya njinga.

Amalume ndinapita nawonso kumudzi mwezi watha. Titafika pamene chinangwa chimayambira ndinaima ndekha, osauzidwa, n'kutuluka ndi geji. Iwo anatsitsa galasi n'kumandiyang'ana ndikuzungulira galimoto.

"Wafika pa zingati?"

"1.2, amalume."

"Kumbuyo siya 1.4. Wanyamula simenti."

Ndinatero. Tinadutsa pamalo paja tinatitimira chaka chatha osasintha n'komwe giya. Pobwerera, pa tala, anatuluka n'kuima pambali panga akuyang'ana wotchi yawo yakale ya pamkono. Tayala lachinayi litakwana anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Imeneyi ndiye pampu." Kwa munthu amene sayamikira chisawawa, mawu atatuwo anandikwanira.

Inu amene muli ndi galimoto ya m'tchire, kaya ndi yanu, kaya ya kuntchito, kaya ambulansi ya kumudzi, ndipo ili ndi kompuresa imene "nthawi zina imagwira", musadikire kukaiyesera pamsewu. Loweruka likubwerali, pakhomo panu, pafupi ndi wokonza matayala, phwetsani onse anayi mpaka 1.2 bar, lizani injini, muwapope motsatizana mukuyang'ana wotchi. Ikakomoka pa tayala lachitatu, yang'anani waya, fyuzi, sefa ndi malo amene inamangidwa. Zonsezo zikakhala bwino koma ikukomokabe, ichotseni mugule ina musanapite kumchenga.